Makala a zitsononkho okonzera nthaka: kuyambira kudzenje mpaka kuphando

Chaka chilichonse tikamaliza kukolola, midzi yathu imadzaza utsi. Mapesi amapsa posaka mbewa, mitengo ya nandolo ndi ya thonje imaunjikidwa n'kuyatsidwa, mankhusu a mpunga amangofuka kuseri kwa zigayo mpaka mvula idzawazimitse. Chotsala ndi phulusa, ndipo phulusa silichedwa kupita ndi mphepo kapena ndi madzi a mvula yoyamba. Koma zinthu zomwezi zikawotchedwa mwa njira ina zimasanduka makala amene amakhala m'nthaka zaka zambirimbiri, akusunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu pafupi ndi mizu. Alangizi amawatchula kuti biochar.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti makalawa si feteleza. Amene angakuuzeni kuti mukathira makala mwatsanzikana ndi manyowa ndi feteleza akukusocheretsani. Khala lililonse lili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'timabowomo ndi momwe mumakhala madzi, michere ndi tizilombo tabwino ta m'nthaka. Khala lili ngati nkhokwe yomangidwa bwino koma yopanda kanthu. Ntchito yanu ndi kuimanga, kuidzaza, kenako kuiyika pamene mizu ingafike. Mukadumpha kudzaza kuja, chaka choyamba mudzadandaula.

Nzeruyi si ya dzulo. Ku Brazil, m'nkhalango ya Amazon kumene dothi lambiri ndi losauka, kuli malo a dothi lakuda bii lotchedwa terra preta. Linapangidwa ndi eni dzikolo zaka mazana ambiri zapitazo, pamene makala, zotsala za chakudya, mafupa ndi mapale zinkaunjikana pafupi ndi midzi yawo, ndipo mpaka lero limabereka kuposa dothi loyandikana nalo. Kuno kwathu nakonso alimi amadziwa kuti pamene panali uvuni wa makala, chimanga ndi maungu zimakula mosiyana ndi kwina konse m'munda.

Yambani ndi kuona dothi lanu

Makala sathandiza paliponse mofanana. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2013, wochitidwa ndi a Norwegian Geotechnical Institute pamodzi ndi a Conservation Farming Unit ku Zambia, anayesa makala m'minda ya chimanga m'madera asanu. Ku Kaoma, kumene dothi ndi lamchenga komanso la asidi, matani 4 a makala pa hekitala anakweza zokolola kuposa katatu poyerekeza ndi ndime zimene zinalandira feteleza yemweyo popanda makala. M'madera enawo kusintha kunali kochepa, kwina kunalibiretu.

Choncho dothi loyenera kuyambirapo ndi lamchenga, lija limene mvula ikadula masiku asanu chimanga chayamba kale kufota, ngati la madera ena a Kasungu ndi Mzimba. Lina ndi katondo wotopa wa kumadera a mvula yambiri monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, kumene asidi amachuluka. Asidi akachuluka mizu imapinimbira, ndipo fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa amamangika m'dothi osafika ku mbewu. Makala amachepetsa asidi ameneyu monga amachitira laimu, ngakhale mphamvu yake siyofanana. Minda imene yakhala ikulandira yureya yekhayekha kwa zaka zambiri popanda manyowa nayo imakhala itawawasa.

Ngati munda wanu ndi wa makande akuda ogwira madzi, kapena dothi lake ndi lamchere ngati madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, musadzivutitse, nthawi yanu ithere pa manyowa. Ndipo musathire makala m'munda wa tiyi, chifukwa tiyi amafuna dothi la asidi. Wofuna kutsimikiza afunse mlangizi wa m'dera lake za kuyezetsa dothi. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ndi Bvumbwe amagwira ntchito imeneyi.

Sonkhanitsani zowotcha

Musadule mtengo ngakhale umodzi chifukwa cha ntchito imeneyi. Kugwetsa mtengo kuti mukonze nthaka ndi kuwononga chinthu chomwe chimateteza nthakayo, komanso lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuwotcha makala a mitengo yachilengedwe popanda chilolezo.

Zabwino kwambiri ndi zitsononkho, mitengo ya nandolo, ya thonje ndi ya fodya, nsungwi zotha ntchito, nthambi zosadzulidwa ku gilisidiya kapena ku mitengo ya zipatso, ndi makoko a mtedza. Mitengo ya thonje ndi ya fodya timayenera kuizula ndithu tikakolola pofuna kudula tizilombo ndi matenda, ndiye bwanji osaisandutsa makala m'malo mwa phulusa?

Masangwi a mtedza, masamba a soya, udzu wauwisi ndi zina zofewa zisalowe m'moto. Zimenezi zili ndi nayitrojeni amene amauluka zikapsa, ndiye zipite ku ziweto kapena kumulu wa manyowa. Mapesi nawonso musawasese onse, makamaka inu a ulimi wa mtayakhasu: nthaka ikufunikabe chophimba. Ndipo pulasitiki, matayala, mabatire, matabwa opentedwa ndi mapolo opakidwa mankhwala zisayandikire, chifukwa poizoni wake adzatsalira m'makala n'kulowa m'munda.

Zonse zikhale zouma gwa. Kamtengo kakathyoka kuti thyo, kauma, kakangopindika, kayanikeninso. Zonyowa zimatulutsa utsi wambiri ndi makala ochepa. N'chifukwa chake nyengo yake ndi kuyambira Julayi mpaka Seputembala, kuti makala apeze nthawi yokhuta mvula isanagwe. Mitengo italiitali iduleni kuti isapitirire kutalika kwa mkono.

Kumbani dzenje

Njira imene ndikufotokoza pano sifuna mgolo kapena mmisiri wowotcherera zitsulo. Inatchuka kudzera ku Ithaka Institute ya ku Switzerland kuyambira mu 2014 ndi dzina loti Kon-Tiki, ndipo itha kuchitika ndi khasu ndi fosholo basi.

Sankhani malo akutali ndi nyumba zaudzu, nkhokwe ndi khola, ndipo lambulani udzu wonse mamita osachepera atatu kuzungulira. Kumbani dzenje lozungulira, lotambalala pamwamba koma lopanikizika pansi: mita imodzi ndi theka kukamwa kwake, masentimita 70 kapena 80 kuya kwake, pansi pake potambalala masentimita 40 okha. Makoma akhale otsetsereka, osalala. Dothi lofukulidwalo liunjikeni pambali, lidzagwira ntchito. Musaboole njira ya mpweya pansi monga timachitira ndi uvuni wa njerwa. Dzenjeli limagwira ntchito chifukwa choti mpweya sulowera pansi.

Kuwotcha

Apa ndiye pali luso lonse, ndiye tidekhe.

Yatsani m'mamawa kapena madzulo pamene kulibe mphepo. Tsiku la mwera wamphamvu ingolekani. Mukhale anthu awiri, mutavala nsapato zotseka ndi zovala zosachedwa kugwira moto, osati za nayiloni. Madzi akhale atafika kale pamalopo musanakhwatche machesi, ndipo ana akhale patali.

Pansi pa dzenje sanjani tinkhuni touma topyapyala mopingasa, kenako yatsani pamwamba pake. Dikirani moto ugwire bwino mpaka pansi ponse padzaze makala amoto. Tsopano mwazani zowotcha zanu pang'ono, zongokwanira kuphimba makala amotowo, zokhuthala ngati chikhatho choimika. Zidzayamba kutulutsa mpweya woyaka, ndipo malawi adzaphimba kukamwa konse kwa dzenje. Malawi amenewa ndiwo chivindikiro chanu: amadya mpweya wonse wochokera pamwamba, ndipo za pansi zimangophikika ndi kutentha osapsa mpaka phulusa.

Maso anu akhale pamwamba pa zomwe zikupsazo. Mukaona kuti zada, ndipo tamphulusa toyera tayamba kuoneka pamwamba pake, nthawi yakwana yothira zina. Mukachedwa, makala anu ayamba kusanduka phulusa. Mukafulumira kapena kuthira zambiri nthawi imodzi, malawi amazima ndipo mumatuluka chiutsi choyera kapena chachikasu chotsamwitsa. Zikatero siyani kuthira, tokosani pang'ono ndi mtengo wautali, malawi abwerere. Moto woyenda bwino umakhala wa malawi owala ndi utsi wochepa kwambiri, moti anthu odutsa sangadziwe n'komwe kuti mukuwotcha makala.

Zikuluzikulu ziponyeni moto uli pakati pa ulendo, pamene dzenje latentha kwambiri, kuti zipeze nthawi yopsa mpaka mkati. Chakumapeto muziponya zazing'ono zokha. Makoko a mtedza ndi zina zonyenyeka muzimwaza pang'onopang'ono pamwamba pa zitsononkho, chifukwa mukakhuthula thumba lonse zimafotsera moto. Pitirizani choncho mpaka dzenje litatsala pang'ono kudzaza. Kwa dzenje la msinkhu uwu ntchitoyi imatenga maola awiri kapena atatu, ndipo simuchokapo.

Kuzimitsa

Malawi akatha pa zomaliza, zimitsani nthawi yomweyo. Mukapita kukadya nsima n'kubwerera, mudzapeza phulusa lokhalokha.

Ngati madzi ali pafupi, thirani pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, mutaima kumene kukuchokera mphepo chifukwa nthunzi yake imawotcha. Thirani, vundulani ndi fosholo, thiraninso mpaka pasapezeke pofunda. Mgolo wa malita 200 utha kutha. Kumene madzi ndi ovuta, thirani madzi theka mu mgolo n'kumatapa makala amoto ndi fosholo kuponyamo, kenako kuwavuula. Madzi omwewo azimitsa dzenje lonse, ndipo otsalawo mukathire pamulu wa manyowa. Kumene kulibiretu madzi, fotserani ndi dothi lija munaunjika pambali, lokhuthala masentimita 10, tsenderani ndi fosholo, matani ming'alu yonse imene ikutulutsa utsi, ndipo dikirani masiku awiri. Pofukula samalani, chifukwa makala oti sanazizire amayakanso akangomva mpweya. Musawalowetse m'nyumba kapena m'matumba tsiku lomwelo.

Makala opsa bwino amadziwika m'manja. Tengani chitsononkho chimodzi: chikhale chopepuka, chothyoka mosavuta, chakuda mpaka mkati. Mukagwedeza angapo pamodzi amalira ngwengwengwe. Sanunkha utsi, ndipo kuda kwake kumachoka m'manja ndi madzi okha popanda sopo. Zimene zikadali zofiirira mkati, kapena zosiya mafuta m'manja, zibwezeni kumoto wotsatira.

Inu a ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, amene muli ndi mankhusu a mpunga, dzenje silikuthandizani chifukwa mankhusu amazimitsa malawi. Boolani tibowo tambiri m'mbali mwa chitini chachikulu, lumikizani paipi yachitsulo pamwamba pake ngati chumuni, yatsani moto wa nkhuni pansi n'kuuvundikira ndi chitinicho, kenako unjikani mankhusu mozungulira. Pamene payamba kuda muzikokerapo mankhusu ena. Mulu wonse ukada, ubalalitseni n'kuthira madzi.

Kusinja

Makala akuluakulu sasakanikirana bwino ndi dothi. Anyowetseni kaye kuti fumbi lisakulowereni m'chifuwa, kenako athireni m'thumba n'kumamenya ndi chibonga, kapena asinjeni mumtondo wakale umene simusinjiramonso chakudya. Akhale tizidutswa tosaposa njere ya chimanga. Musawasandutse ufa, chifukwa ufa umauluka komanso umakokoloka. Makala a mankhusu safuna kusinja.

Kukhutitsa makala

Makala ongochoka pamoto amakhala ndi njala. Mukawathira m'munda momwemo, amayamwa nayitrojeni amene mbewu ikanadya, ndipo chimanga chimamera chachikasu. Alimi ambiri amene amati makala anawawonongera munda analakwitsa pamenepa. Njira zokhutitsira zilipo zingapo.

Imene ine ndimaikonda kuposa zonse ndi ya m'khola. Yalani makala osinja pansi m'khola la mbuzi, nkhumba, ng'ombe kapena nkhuku, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Amayamwa mkodzo umene ukanangolowa pansi, fungo limachepa, ziweto zimapitiriza kuwaphwanya ndi mapazi, ndipo pomadzakokola manyowa mumapeza zonse zasakanikirana kale. Mkodzo wa ziweto ndi umene uli ndi nayitrojeni ndi potaziyamu wambiri, koma ndi umenenso timataya kwambiri m'makola athu.

Ina ndi ya pamulu wa manyowa. Kaya mukupanga a chimato, a changu kapena a m'dzenje, mwazani makala pa gawo lililonse pamene mukusanja, ndowa imodzi ya makala pa ndowa zisanu za zowolerana. Manyowa akamapsa, makala nawo akhuta. Opanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, atha kuwonjezera makala osinja m'thumba kuti akhale nawo masiku 21 amene manyowawo amatenga kuti apse, koma achepetse phulusa, popeza makala nawo amachita zimene phulusa limachita.

Yachangu ndi yoviika. Thirani makala mu mgolo, onjezani ndowe zaziwisi za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, thirani madzi mpaka zonse zimire, vindikirani, muzitakasa pakapita masiku angapo, kwa masabata awiri kapena atatu. Mkodzo, wa ng'ombe ngakhale wa anthu, umagwiranso ntchito bwino kwambiri m'malo mwa madzi ena. Ndikudziwa kuti ena zimawanyansa, koma mkodzo ndi feteleza amene banja lililonse limapanga tsiku ndi tsiku popanda kuponi. Pomaliza tsanulani, yanikani pamthunzi mpaka makala angotsala achinyezi.

Chimodzi chopewa: musasakanize yureya ndi makala osakhuta kapena phulusa n'kuzisiya poyera. Fungo lolasa m'mphuno limene mudzamve ndi nayitrojeni wanu akuthawa.

Kuthira m'munda

Musamwaze munda wonse, ndipo musasiye pamwamba. Makala alowe pansi pamene pakhale mizu.

Ulimi wa mayenje ndi umene umayenderana kwambiri ndi makala, chifukwa mayenjewo amakhala malo omwewo chaka ndi chaka. Mayenje amene amakumbidwa ku Zambia amakhala otalika masentimita pafupifupi 30, otambalala 15, akuya 20, motalikirana masentimita 70 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Pa hekitala amakwana pafupifupi 16,000, ndiye matani 4 aja akutanthauza magalamu 250 pa dzenje, amene ndi makala odzaza pafupifupi lita imodzi. Thirani muyezo umenewu pamodzi ndi manyowa ake, sakanizani ndi dothi la pansi pa dzenje, kwirirani ndi dothi lina pang'ono, n'kudikira mvula yobzalira. Mbewu isagone pa makala mwachindunji.

Olima pamizere ya masentimita 75, mbewu imodzi pa masentimita 25 aliwonse, ng'ambani kangalande pamsana pa mzere kozama masentimita 10 mpaka 15, thirani makala osakaniza ndi manyowa motsatira kangalandeko, n'kukwirira. Dziwani kuti mukamagalauza mizere chaka chilichonse makala amabalalika. Satayika, koma mphamvu yake pa phando imachepa. Feteleza wokulitsa ndi wobereketsa thirani monga mwa nthawi zonse. Makala amangothandiza kuti asamatsukike msanga ndi mvula.

Tsopano tiwerengere moona mtima. Makilogalamu 100 a zitsononkho zouma amatulutsa makala pafupifupi makilogalamu 20, okwanira mayenje 80 okha. Ekala imodzi ili ndi mayenje oposa 6,000. N'zoonekeratu kuti simungamalize munda wonse chaka chimodzi, ndipo palibe chifukwa chothamangira. Makala saola ngati manyowa, ndiye pamene mwathira chaka chino simudzathiraponso chaka chamawa. Mudzapita ndime yotsatira. Yambani ndi pamene phindu limabwera msanga: mabedi a kudimba a tomato, anyezi ndi masamba, kumene lita imodzi kapena awiri pa sikweya mita, osakanizidwa ndi dothi lapamwamba, amathandiza kuti bedi lisaume msanga, dothi la m'machubu a kunazale, gawo limodzi la makala pa magawo 9 a dothi ndi manyowa, ndiponso mayenje a nthochi, mango ndi mapapaya pobzala. Musanyozenso makala otsala pamafuwa mukatha kuphika. Kuwazimitsa ndi madzi n'kumaponya mu chidebe tsiku lililonse kumadzaza thumba pakutha pa nyengo.

Yesani m'munda mwanu momwe

Musangokhulupirira za ku Kaoma kapena zanga. Sankhani malo amene dothi lake ndi lofanana, mizere inayi muthire manyowa okhala ndi makala, inayi yoyandikana nayo muthire manyowa omwewo opanda makala. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana, kupalira tsiku limodzi. Khomani zikhomo zolimba kumapeto kwa mizere, chifukwa pofika Epulo mudzakhala mutaiwala.

Nthawi yabwino yoyendera ndime ziwirizi ndi pa ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale, masana dzuwa lili paliwombo: onani mizere imene yayamba kupota masamba, ndipo fukulani ndi chala muone pamene pakadali chinyezi. Pokolola, tonolani ndime iliyonse payokha ndipo muyeze ndi ndowa imodzimodzi kapena pasikelo, n'kulemba mu kope. Zikhomozo musazule, bzalaninso malo omwewo chaka chachiwiri popanda kuwonjezera makala, chifukwa m'dothi lina kusiyana kumaonekera bwino makala atakhazikika. Ngati patapita zaka ziwiri ndime zonse zikubereka mofanana, dothi limenelo silikusowa makala, ndipo amene mukuwotcha apititseni kudimba, kunazale kapena kumunda wina wamchenga.